Bolodi ya V56: sikirini ya laputopu yakufa ikhoza kukhala TV

Laputopu ikafa, kaya ndi madzi osefukira kaya ndi kupsa kwa motherboard, nthawi zambiri sikirini yake imakhala idakali yamoyo. Bolodi ya V56 ndi kachipangizo kamene kamaidzutsa. Ili ndi malo a HDMI, VGA, AV ndi USB, imabwera ndi rimoti, ndipo imayenda pa 12V, zomwe zikugwirizana ndi mabatire a sola omwe ali m'makomo ambiri ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula.

Musanagule, masulani sikirini muwerenge chomata chakumbuyo. Pamakhala nambala monga LP156WH4 kapena B156XW02. Ziwirizi ndi za mainchesi 15.6, 1366x768, zowala ndi LED, ndipo zimalumikizidwa ndi chingwe cha LVDS cha mapini 40. Izi V56 imaziyendetsa bwinobwino. Koma malaputopu atsopanoko ali ndi sikirini za eDP za mapini 30, ndipo V56 siyankhulana nazo. Pamenepo pamafunika bolodi ina. Sikirini zakale kwambiri zimawala ndi kanyali ka CCFL, kofuna inverter yotulutsa mavolti mazana angapo. Musakhudze mawaya ake moto uli woyaka.

Pomwe ambiri amapsereza sikirini ndi pa jampa. Pabolodi pali kapulasitiki kakang'ono kosankhira 3.3V, 5V kapena 12V. Sikirini za laputopu zimafuna 3.3V. Kajampako kakakhala pa 12V n'kuyatsa, sikirini imapsa pompo, kamphindi kosakwana kuphethira, ndipo palibe chokonzanso. Yang'anani kawiri. Onaninso mbali ya pini 1 pachingwe, yomwe nthawi zambiri imakhala ku waya wofiira, isalowe chozondoka.

Kenako fayilo ya firmware, pulogalamu yoyendetsa bolodi, yogwirizana ndi 1366x768. Ikani fayilo ya .bin yokhayo pa fulashi ya FAT32, lowetsani pabolodi, yatsani. Kagetsi kakayamba kuthwanima musadule moto mpaka kutha, chifukwa mukadula pakati bolodi imangokhala zii ndipo pamafunika waluso woti ayilembenso. Chithunzi chikatuluka chozondoka kapena mitundu ili yosokonekera ngati yothiridwa mafuta, sikirini sinafe ayi: zimakonzedwa mu service menu, menyu yobisika ya okonza, pa mirror ndi pa LVDS map.

Chokhumudwitsa pa bolodiyi ndi tuna yake, kachipangizo kogwira matchanelo. Ndi ya analogi, pomwe kanema wa m'dziko muno amaulutsidwa pa DVB-T2. Kulumikiza eriyo molunjika n'kungodzivutitsa. Dutsirani pa dikoda ya Kiliye Kiliye kapena ina iliyonse, polowetsa pa HDMI kapena AV. Mafilimu ndi nyimbo za pa fulashi zimasewera popanda dikoda.

Pa moto ndiye imasangalatsa. Bolodi ndi sikirini ya LED pamodzi zimadya pafupifupi 1A, choncho batire laling'ono limapirira madzulo onse. Adaputa ya 12V 3A ndi yokwanira. Chenjezo lili pa sola: masana batire likamachajidwa limakwera kufika 14.4V, ndiye ikani karegyuleta kosunga 12V pakati pa batire ndi bolodi.

Kutentha kwa kuno sikoseweretsa. Mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, pomwe sikirini zambiri zidapangidwa kuti zigwire ntchito mpaka 50. Pansi pa malata masana malire amenewo sali patali. Bokosi la pulayiwudi loikamo sikirini ndi bolodi likhale ndi mabowo pansi ndi pamwamba, bolodi italikirane ndi sikirini masentimita awiri kapena atatu, ndipo mabowowo muwatseke ndi kachidutswa ka neti, apo ayi mphemvu ndi nyerere zimangamo nyumba.

Mawu ndi ofooka: masipika awiri a 8 ohm, 3W, okwana chipinda chimodzi basi. Sikirini zotere zimaonekanso bwino kwa amene wakhala kutsogolo kwenikweni. Wokhala pansi pa mkeka amaona chithunzi chakuda. Kwa banja kapena pakauntala ya shopu ndi yabwino ndithu. Kuonetsera mpira anthu makumi awiri, iyayi, gulani TV yeniyeni.