Ndemanga: DVD ya Excalibur, filimu ya 1981 ya nthano ya Mfumu Arthur

Ndinagula DVD imeneyi mwezi wathawu kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, ndipo ndayionera kale katatu. Dandaulo langa kwa wogulitsayo ndi limodzi: bokosi linafika litasweka pakona, chimbale chikukhokhoza mkati. Mwayi wake sichinakalike, chikusewera bwinobwino osadumpha, koma wogulitsayo akanayenera kukulunga mosamala.

Filimuyi anaipanga John Boorman, ndipo nkhani anaitenga m'buku la Thomas Malory lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1485. M'mphindi 140 amakuyendetsani moyo wonse wa Arthur, kuyambira pomwe atate ake Uther akulasa lupanga lotchedwa Excalibur pamwala ali pafupi kufa, mpaka lupangalo likubwerera m'nyanja momwe linachokera.

Chimene chinandigwira mtima ndi kulemera kwa nkhondo zake. Asilikali apakavalo avala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo umachita kuona kuti zikuwavuta. Munthu akagwa pahatchi sadzuka msanga, amayamba wagwada m'matope, akupuma wefuwefu, mnzake naye akulephera kukweza nkhwangwa. Mafilimu ambiri a masiku ano amadula zithunzi mothamanga mpaka sudziwa wamenya ndani, wagwa ndani. Muno kamera imadikira. Anajambulira ku Ireland, ndipo nkhalango zobiriwira za ku Wicklow zimanyezimira pa zitsulo zija mokongola kwambiri.

Pali malo amodzi omwe ndinabweza kanayi. Arthur akadali mnyamata wagonjetsa Uryens, msilikali wokana ufumu wake, m'madzi ozungulira linga, lupanga lili pakhosi pa Uryensyo. Uryens akukana kumugonjera ponena kuti sangagwadire kamnyamata kongonyamulira ena zida. Arthur akumupatsa lupanga lomwelo m'manja, nagwada m'madzimo, kuti mdani wakeyo ndiye amudzoze kukhala msilikali wolemekezeka. Manja a Uryens akunjenjemera, lupanga lili m'mwamba, ndipo palibe chomuletsa kudula mutu. Mng'ono wanga amene timaonera limodzi anaimirira pampando, nsima ikuzizira m'mbale. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake nthano imeneyi yakhala zaka mazanamazana: ufumu wa Arthur ukuyamba ndi kudzichepetsa pamaso pa munthu womuda.

Nicol Williamson ngati Merlin, wamatsenga amene amalangiza Arthur, ndi wosaiwalika, ndi chipewa chake chachitsulo chonyezimira komanso mawu omwe amakwera ndi kutsika mosayembekezeka. Helen Mirren akusewera Morgana, mlongo wake wa Arthur. Mukayang'anitsitsa mupezanso Liam Neeson ndi Patrick Stewart asanatchuke.

Zofooka zilipo. Chigawo chofunafuna chikho chopatulika choti chichiritse Arthur yemwe wadwala chimakoka, ndipo amene sadziwa nthanoyi akhoza kusokonezeka kuti Perceval, msilikali wa Arthur wofunafuna chikhocho, akuona zenizeni kapena maloto. Nthawi imadumphanso zaka zambiri osakuchenjezani. Mumangoona Arthur wamera ndevu. Mawu pa DVD yanga ndi otsika anthu akamalankhula, kenako nyimbo za Wagner zimabwera mwamphamvu, kotero rimoti isakhale patali. Komabe kupirira chigawo chokokacho kumalipira. Arthur atamwera chikho chija n'kuchira, akutuluka ndi asilikali ake pa akavalo, dziko lomwe linali louma likuphuka maluwa pomwe akudutsa, nyimbo ya Carmina Burana ikugunda. Tsitsi linandiimirira.

Makolo dziwani kuti si ya ana. Muli magazi ambiri, muli zithunzi za anthu ali maliseche, ndiponso pali mtengo wopachikapo mitembo ya asilikali pomwe khwangwala akujompha diso la mmodzi. Ife tinadikira kuti ana agone kaye.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo yachoka chifukwa cha bokosi ndi mawu otsika aja. Ngati muli ndi masipika akunja, alumikizeni ku TV musanayambe kuonera, chifukwa nkhondo yomaliza ya mu nkhungu, Arthur akulimbana ndi mwana wake Mordred dzuwa lili psuu, imafuna mawu okwanira.