Ndemanga ya topper ya latex: mmene tafewetsera matiresi olimba kwambiri popanda kugula ena

Ndemanga iyi ndi ya topper ya latex (siponji yopangidwa ndi utomoni wa rabala) yochindikala masentimita 5, imene ine ndi mayi a kunyumba takhala tikugonapo kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kuyambira nyengo yozizira yapitayi mpaka kutentha kwa mu Okutobala kudutsa. Kwa amene sanaionepo, topper ndi kamatiresi kopyapyala kamene kamayalidwa pamwamba pa matiresi enieni, kenaka shiti n'kuphimba zonse ziwiri pamodzi. Ndinadikira dala kuti nyengo ziwirizi zipite ndisanalembe, chifukwa zinthu zogonapo za mtundu umenewu zimasintha malinga ndi kuzizira kapena kutentha kwa m'chipinda, ndipo ndemanga yolembedwa m'masiku oyambirira ikanatha kusocheretsa anthu. Ndakhutira nayo ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, koma ndi katundu wothandiza pa vuto limodzi lokha, lomwe ndi la matiresi abwinobwino amene angolimba mopitirira muyezo.

Matiresi athu ndi a masipuling'i, a saizi ya queen, yomwe m'chigawo chino cha Africa ndi masentimita 152 m'lifupi ndi 188 m'litali. Tinawagula atsopano, ndipo alibe chilema chilichonse: sanalowe pakati, salira munthu akamatembenuka, ndipo m'mphepete mwake ndi molimba bwino. Pansalu yake panalembedwa mawu akuti orthopaedic, amene ogulitsa amawatchula monyadira, ngakhale kuti kwenikweni ndi mawu amalonda osonyeza kuti matiresiwo ndi olimba, osati umboni wakuti adzagwirizana ndi thupi la munthu aliyense. Tonse awiri timagona chammbali, ndipo munthu akagona motero thupi lonse limatsamira paphewa ndi pafupa la m'chiuno. Matiresi akapanda kulola kuti malo awiriwa alowe pang'ono, pakati pa nthiti ndi chiuno pamatsala mpata wopanda chouchirikiza, msana umakhota, ndipo mkono wapansi umapanikizika mpaka kuchita dzanzi. Ine ndinkadzidzimuka pakati pa usiku dzanja lili zii, osalimva n'komwe, pamene mayi a kunyumba ankadzuka m'mawa akudandaula phewa, moti ngakhale kumanga duku kunkawavuta kwa kanthawi.

Ambiri mwa ife tinakulira pamphasa, ndipo makolo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu anatisiyira chikhulupiriro chakuti pogona polimba ndiye mankhwala a msana. Sindikuwatsutsa kotheratu, pakuti matiresi olowa pakati amawonongadi msana, koma kulimba nako kuli ndi polekezera. Mu 2003 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wochitikira ku Spain pa anthu 313 amene anali ndi ululu wa msana wa nthawi yaitali. Ena anapatsidwa matiresi olimba kwambiri, ena olimba pakatikati, ndipo patapita masiku 90 amene ankagona pa olimba pakatikati ndiwo anali ndi ululu wocheperako, pogona ngakhalenso podzuka. Zimenezi zinandilimbitsa mtima kuti kufewetsa pamwamba pa matiresi sikuwononga msana, malinga ngati pansi pake pakhalabe polimba.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati vuto ndi kulimbadi. Gonani chagada, mulowetse chikhatho kunsi kwa msana, pamwamba pang'ono pa chiuno. Ngati chikulowa mosavuta n'kutsalanso mpata, matiresiwo sakutsata thupi lanu. Mukatero gonani chammbali, wina aime kumbuyo kwanu aone ngati msana wawongoka kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno. Tisanagule kanthu tinayamba tadikira, chifukwa matiresi atsopano amafewako okha m'masabata oyambirira, koma athu anasintha pang'ono kwambiri. Tinayesanso kuyala mabulangete awiri pansi pa shiti, njira imene aliyense amayamba waiganizira, ndipo inathandiza usiku woyamba okha. Bulangete limafwamphuka msanga likalemedwa, limakwinyika pakati pa bedi, ndipo limasunga kutentha.

M'sitolo ina ya mipando m'tauni, chakufupi ndi msewu wa Robert Mugabe, anationetsa mitundu itatu. Woyamba unali siponji wamba yokhala ndi timapiri tonga ta thireyi ya mazira, yotsika mtengo kwambiri, koma nditaipsinja ndi chikhatho ndinafika pathebulo nthawi yomweyo, ndipo chinthu chimene dzanja lokha likuchigonjetsa sichingalimbane ndi chiuno cha munthu wamkulu. Wachiwiri unali memory foam, siponji imene inayamba kupangidwa mu 1966 pa ntchito ya bungwe la NASA ku America. Imeneyi ndi yokoma kuigwira, chifukwa imalowa pang'onopang'ono n'kusiya chidindo cha dzanja, koma imafewa ndi kutentha kwa thupi ndipo imauma ikazizidwa. Apa ndi pamene nyengo ya Harare iyenera kuganiziridwa. Mzinda uno uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo nyumba zathu zambiri zilibe chotenthetsera m'zipinda. Alamu anga a ku Chitungwiza, tauni yoyandikana ndi Harare, ali ndi topper ya memory foam, ndipo nditagonako m'nyengo yozizira ndinaipeza itauma ngati nsima yamkute, moti inatenga kanthawi ndithu kuti ifewe pamene ndinagonapo, ndipo ndikasunthira pambali ndinkayambanso kudikira. Iwo eni amanenanso kuti mu Okutobala, makamaka magetsi akazima fani n'kuima, amadzuka msana uli thukuta lokhalokha, popeza siponjiyo imalikumbatira thupi ndipo mpweya sudutsa bwino.

Mtundu wachitatu, wa latex, ndi umene tinatenga. Latex imapangidwa kuchokera ku utomoni wa mtengo wa rabala, womwe ku Malawi umalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, ndipo njira yodziwika kwambiri youtembenuzira kukhala chogonapo ndi ya Dunlop, imene inayamba mu 1929: utomoni umapuntidwa mpaka kuchita thovu, umathiridwa m'chikombole, kenaka umaphikidwa kuti ugwirane. Njira ina imatchedwa Talalay, ndipo imatulutsa latex yofewa ndi yopepukirapo, koma yokwera mtengo. Yathu ndi ya Dunlop. Mukatsegula zipi ya nsalu yake mumaona chinthu choyera motuwira, chodzaza timabowo tozungulira tondandalikana m'mizere kuchokera uku mpaka uko, tokula ngati kunsonga kwa pensulo. Mukaipsinja ndi chala imalowa mosakana, koma mukangochotsa chala imabwerera pomwepo osasiya chizindikiro. Mbali imodzi ndi yothinirako pang'ono kuposa inzake, chifukwa pophika zolemera za mu utomoni zimatsikira pansi pa chikombole, ndipo ife tinaika mbali yofewayo pamwamba.

Kusintha kunaoneka msanga, ngakhale kuti sikunali kwa usiku umodzi. Phewa tsopano limalowa mokwanira kuti mkono usapanikizike, chiuno chimalowanso, ndipo mpata uja wa pakati pa nthiti ndi chiuno umadzazidwa, koma pansi pake ndimamvabe matiresi athu olimba aja akundichirikiza. Dzanzi la m'manja linatha. Chimene chinandisangalatsa koposa ndi chakuti kutembenuka sikufuna mphamvu, popeza latex simiza munthu koma imamukankhira m'mwamba pang'ono, ndipo kwa anthu amene zaka zayamba kupita, amene mawondo ndi chiuno sizilolanso kudzikoka kuchoka m'dzenje, zimenezi n'zofunika kwambiri. M'mawa wina mayi a kunyumba akupinda zofunda anangoti, "Bambo, phewa lija landiiwala masiku ano," ndipo kuyambira pamenepo sindinawamvenso akulitchula. M'nyengo yozizira topper inali yofewa mofanana madzulo ndi m'bandakucha, ndipo m'nyengo yotentha sindinganene kuti imaziziritsa, koma sinawonjezere kutentha kuposa mmene matiresi okha ankachitira.

Za kuchindikala ndiyenera kunenapo mosamala, chifukwa apa ndi pamene ndalama zingatayike. Panali ya masentimita 2.5, ya 5 ndi ya 7.5. Yopyapyalayo imangochotsa kuuma kwa pamwamba, ndipo wogona chammbali phewa lake lidzafikabe pa matiresi. Ya masentimita 5 yatikwanira ife, anthu a thupi lapakatikati. Munthu wathupi lalikulu, kapena wa mapewa otambalala amene amagona chammbali usiku wonse, angachite bwino kuyesa ya 7.5, pamene wogona chafufumimba asapitirire 5, chifukwa mimba ndi chiuno zikalowa kwambiri msana umapindikira m'kati ndipo ululu umangosamukira kwina. Musachite manyazi kupempha kuti aiyale pa matiresi olimba m'sitolo momwemo, muvule nsapato, mugonepo mmene mumagonera kwanu kwa mphindi zingapo. Kuigwira ndi dzanja kokha sikukuuzani zambiri.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Topper imeneyi inabwera yopanda malamba a m'makona oimangirira ku matiresi, choncho m'masabata oyamba inkasendera kumiyendo pang'onopang'ono mpaka kumutu kunkatsala mpata woti chikhatho n'kukwanapo. Kuikokera m'malo mwake si ntchito yaing'ono, pakuti imalemera pafupifupi makilogalamu 10 ndipo ndi yolobodoka, yosagwirika bwino. Mukaikoka mwamphamvu pakona imodzi ikhoza kung'ambika, motero imafuna anthu awiri oinyamula ndi kuigwedeza mofatsa. Tinapita kwa telala wa m'dera lathu lino amene anasokerera malamba a lasitiki m'makona anayi a nsalu yake, ndipo vutolo linatha pa mtengo wochepa, koma pa ndalama zimene katunduyu amagulidwa malambawo anayenera kukhalapo kale. Mashiti athu okhala ndi lasitiki analekanso kukwana chifukwa bedi linakwera ndi masentimita 5, ndipo ankavuka m'makona usiku uliwonse mpaka tinagula ena ozama. Fungo la rabala linalipo masiku oyamba, losanyansa kwenikweni koma lomveka, ndipo linatha titaisiya yosaphimba mawindo ali otsegula.

Chinthu china chimene wogulitsa sanatiuze, chomwe ndikufuna kuti owerenga asachiphonye, ndi cha pilo. Phewa likayamba kulowa mu topper, mtunda wa pakati pa mutu ndi pogona umachepa, ndipo pilo amene anali woyenera pa matiresi olimba amakhala wamtali kwambiri. Khosi langa linayamba kuuma m'mawa ngakhale kuti phewa linali litapola, ndipo nditasintha n'kutenga pilo wotsikirako zonse zinakhala bwino. Amene angamve khosi kuwawa atangoyala topper ayambe wayang'ana pilo asanaweruze kuti wagula chinthu cholakwika.

Pa kasamalidwe, latex imadana ndi dzuwa. Ife tinazolowera kutulutsa matiresi ndi zofunda panja Loweruka kuti ziwombedwe ndi dzuwa, ndipo kwa mabulangete ndi mwambo wabwino, koma latex ikakhalitsa padzuwa imasanduka yachikasu, imauma, kenaka imayamba kunyenyeka. Ikafuna mpweya iyanikeni pamthunzi kapena m'nyumba momwemo. Nsalu yake imavulidwa n'kuchapidwa, koma latex yeniyeniyo musainyike m'madzi kapena kuifinya. Pakatayikira kanthu pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo muonetsetse kuti pauma musanaphimbe, makamaka m'nyengo yamvula pamene chinyezi chimabweretsa chuku. Ife timaitembenuza mwa apo ndi apo, kumutu kupita kumiyendo, kuti isathere mbali imodzi.

Pali anthu amene sindingawalangize kugula. Amene matiresi awo analowa pakati asataye ndalama zawo, chifukwa topper imangotsata dzenje limene yalipeza, ndipo mudzagona m'dzenje lomwelo, lofewa chabe. Yang'ananinso matabwa a pansi pa bedi, popeza nthawi zina thabwa lothyoka kapena lotalikirana kwambiri ndi linzake ndilo gwero la vuto, ndipo kalipentala aliyense wa ku Glen View kuno ku Harare angalikonze. Amene thupi lawo limadana ndi rabala, monga amene amatuluka ziwengo akavala magolovesi a kuchipatala, afunse kaye adokotala. Khanda lisagonekedwe pa topper ya mtundu uliwonse, chifukwa mwana wosakwana chaka amafunika pogona polimba ndi posalala kuti mphuno ndi kamwa zisatsekeke. Ndipo ululu wa msana umene ukutsikira m'mwendo, kapena umene sukusintha ngakhale mutasintha pogona, ndi wopita nawo kuchipatala.

Mtengo wake tinalipira m'madola a ku America, ndipo unali wokwera kuposa wa memory foam ya saizi yomweyo, koma sunafike ngakhale theka la mtengo wa matiresi atsopano a mtundu wathu. Wogulitsayo, mayi wachikulire wodekha, anatilola kuyesa mitundu yonse popanda kutifulumizitsa, ndipo anaikulunga bwino m'pulasitiki moti inakwana kumbuyo kwa galimoto yaing'ono. Nditamufunsa ngati latexyo ndi yachilengedwe yokhayokha kapena yosakaniza ndi rabala yopangidwa m'fakitale, anapita kukatenga chikalata cha katunduyo n'kutionetsa kuti ndi yosakaniza, m'malo mongotiyankha zotikondweretsa. Funso limeneli mulifunse inunso, ndipo mupemphe kuti zimene akuuzani za mtundu wake, kuchindikala kwake ndi nthawi ya chitsimikizo zilembedwe pa lisiti musanatuluke m'sitolo.