Labu yoyeza njoka za nkhosa ndi DNA, mmene ndaionera ine

Anzanga oweta nkhosa kaya muli kumudzi kaya kuno ku South Africa, ndati ndikuuzeniko za labu ina yomwe tinatumizako zinthu kuchokera pafamu yomwe ndimagwira ntchito. Ana a nkhosa athu, ma Dorper, ankatulutsa tizidutswa toyera m'ndowe ngati mpunga wophika, bwana anali atawabayitsa kale mankhwala a njoka zam'mimba otchedwa ivermectin koma tizidutswato osasiya kutuluka.

Chomwe anandisangalatsa nacho a labu ndi choti amalongosola bwino katumizidwe. Anati ndowe zikhale zongotuluka kumene ndipo zizizire m'njira, kenako chidutswa cha njoka yomwe tinaisolola m'matumbo a nkhosa yophedwa tichiike mu spiriti wa 70%, osati formalin chifukwa amaononga DNA. Njoka yake yaitali zedi abale, yaphanthiphanthi, yokwana mamita angapo, mpaka kudabwa kuti inkakwana bwanji mmenemo.

Iwo anapanga PCR, njira yochulukitsa DNA kuti iyezeke, pa jini yotchedwa cox1 nkupeza kuti ndi Moniezia expansa, mtundu wa njoka zomwe pachizungu amati tapeworm. Ndi maso sungasiyanitse ndi inzake Moniezia benedeni, komanso ziliko zina monga Avitellina ndi Thysaniezia zokhalanso m'matumbo momwemo, nde DNA imachotsa zongoganizira. Apa ntchito anaigwira, sindinganame.

Koma zotsatira zinachedwa kobasi, timachita kuimba foni kufunsa, ndipo pepala lake linabwera lodzaza chizungu cha asayansi chomwe ngakhale bwana amangopukusa nacho mutu. Mwayi wake vetenale wawo anatiimbira nkutimasulira modekha. Ndi yemweyo anatiuza kuti ivermectin sapha njoka zamtunduwu olo pang'ono, pamafunika mankhwala okhala ndi praziquantel kapena albendazole. Anatinso nkhosa sizipatsirana mwachindunji, mazira amayamba adyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi, nkhosa nkumeza tizilomboto limodzi ndi msipu, nchifukwa chake ana a nkhosa amazitolanso akabwerera kubusa komweko.

Tsono pomwe mtima wanga uli ndi apa. Kuyeza wamba kwa ndowe pa mayikulosikopu, komwe mtengo wake ndi wotsika kwambiri kuyerekeza ndi DNA, nkomwe kunaonetsa mazira ambirimbiri a njoka zina zing'onozing'ono, ndipo vetenale ataona zithunzi za zikope zoyera mbee anati mdani weniweni ndi Haemonchus contortus, yoyamwa magazi ija, imene imatupitsa nkhosa kunsi kwa chibwano nkuipha msanga. Ife maso anali pa yaitaliyo poti ndi yomwe imaoneka.

Ngati muli ndi famu yaikulu kapena mukuchita kafukufuku, ya DNA lipirani, ndi yolondola. Koma wa nkhosa zochepa ndalama imeneyo isungeni, mankhwala a expansa ndi benedeni ndi amodzimodzi. Yezetsani ndowe basi, pezani khadi ya FAMACHA, yoyerekezera mtundu wa m'kati mwa zikope kuti mudziwe ngati nkhosa ikuchepa magazi, muzionera zikope, ndipo pogula mankhwala werengani pa botolo ngati alembapo kuti amapha tapeworm.