Makina osokera opalasa ndi mapazi: mmene ndawaonera

Makina awa ndinawagula kwa abambo ena okonza makina osokera pafupi ndi msika wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndi akale: mutu wakuda wa timaluwa tagolide tofufutika, thebulo lathabwa, miyendo yachitsulo. Atsopano sindinawafunse n'komwe, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja mtengo wake umachita kuluma.

Ine si telala. Ndimagwira ntchito ya maakaunti, tsiku lonse kuwerengera ndalama za eni ake, ndipo ndikaweruka ndinkangogwera pa foni mpaka tulo. Chinandikoka ndi jumbo la tizidutswa ta zitenje lomwe azakhali anga anandisiyira. Kutaya ndinkamva chisoni, kusunga kunalibe phindu.

Sabata yoyamba inali ya misozi. Gudumu limayenera kuzungulira chobwera kwa iwe, ndipo phazi likaphonya pang'ono limabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka kapena kupiringizana pansi ngati chisa cha mbalame. Nditabwerera kukadandaula, abambo aja anangoseka. "Mayi, chotsani ulusi ndi singano, mupalase makina opanda kanthu mpaka mapazi aphunzire." Ndinapalasa madzulo atatu, ana akundiseka kuti ndakwera njinga yosayenda. Anali ndi nzeru abambowo. Komabe pamodzi anandilakwira: lamba amene anandiikira anali wotha, patangopita milungu iwiri anayamba kuterereka. Ndinachita kumudula pang'ono n'kumulumikizanso ndi kawaya kake, kenako ndinagula wina.

Chimene anthu ambiri angachione ngati vuto ndi choti makinawa amasoka mzere wowongoka basi. Zigizagi palibe, mabowo a mabatani palibe, ovaloko, msoko womanga mphepete kuti isasosoke, musaiyembekezere. Poyamba ndinakhumudwa, chifukwa chitenje chimasosoka m'mphepete ukangochichapa kawiri. Ndiye ndinayamba kusoka kawiri: koyamba kunja, n'kutembenuza, kachiwiri mkati, mphepete yosadula bwino ija n'kubisika. Mabatani ndinawasiya, ndimaika timikombero ta nsalu yomweyo kapena zingwe zomanga. Chikwama cha mabuku cha mwana wanga wamkazi chinatuluka chokongola ndi zingwezo kuposa mmene ndinkachiganizira chili ndi zipi. Pano ndikaona kachidutswa kofiira pafupi ndi kobiriwira mutu umayamba wokha kuwerenga, ndipo ku ofesi kumbuyo kwa kope langa kwadzaza timabokosi ndi timizere ta nsalu ya pathebulo yomwe sindinaiyambe. Abwana akuganiza kuti ndi matebulo a bajeti, asiyeni.

Magetsi akathima ine ndimapitiriza, bola nyali ya sola ikhale pambali. Jinzi ya pakaunjika amaiboola bwinobwino ukaika singano ya nambala 16. Pa chitenje ndimagwiritsa ya 14. Mafuta ake enieni ndi otchipa ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Musayerekeze kuthira ophikira, amauma n'kumata zitsulo ngati ulimbo.

Phokoso lilipo ndithu. Nyumba zathu zogundizanazi, ikakwana 9 koloko usiku ndimaleka, kuopa aneba. Kulemeranso, kuwasuntha pokolopa kumafuna anthu awiri. Amene akufuna kusoka madiresi a ukwati kapena mayunifolomu ambiri a sukulu apeze makina amagetsi ndi ovaloko, awa adzawachedwetsa.

Mukamagula akale ngati angawa, tengani kansalu kanu kuchokera kunyumba, musoke nokha pomwepo, muutembenuze msokowo muone ngati ulusi wapansi ukugona bwino. Funsaninso mabobini owonjezera, timawilo tokulungapo ulusi wapansi. Ine ndinapatsidwa imodzi yokha, ndiye kusintha mtundu wa ulusi kunkatanthauza kumasula wonse kaye. Jumbo la azakhali lija latsala theka. Mwatuluka mapilo anayi, zikwama ziwiri, ndi epuloni imodzi yokhota thumba yomwe ndimavala ndekha.