Molten BG3800: mpira wa timu ya seminale yosewerera pa simenti

Matimu ambiri a basketball a m'maseminale amakonzekera masewero pabwalo la simenti lapanja, koma mpikisano ukafika amakapezeka m'holo ya pansi posalala, ali ndi mpira wachilendo m'manja. Vuto limeneli ndi limene likutichititsa kuyamikira Molten BG3800, ngakhale kuti nawonso uli ndi zofooka zake.

Molten ndi kampani ya ku Hiroshima, ku Japan, ndipo ndiyo imapanga mipira ya m'mipikisano ikuluikulu ya FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse. Mpira wake wapamwamba, BG5000, ndi wachikopa chenicheni ndipo unayamba kuonekera pa World Cup ya 2019 ku China. Umenewo ndi wa m'holo basi, pa simenti sukhalitsa. BG2000 ndi walabala, wolimba ndithu, koma kagwiridwe kake n'kosiyana ndi ka mpira wa pampikisano. BG3800 uli pakati: ndi wachikopa chochita kupanga, wololedwa m'holo ndi panja pomwe, ndipo uli ndi zigawo 12 ngati BG5000, pamene mipira yambiri imakhala ndi 8. Mizere ikachuluka chonchi, zala zimaupeza msanga mzere wogwira poponya. Mnyamata amene wazolowera kagwiridwe aka sadabwa tsiku la fayinolo.

Kwa anyamata a ku seminale gulani saizi 7, yolemera pafupifupi magalamu 600. Saizi 6 ndi ya amayi ndi achichepere, ndipo wozolowera imeneyo amaponya mopereŵera akaima pamzere wa mapointi atatu, mamita 6.75 kuchokera pa ringi.

Kufooka kwake kuli pakhungu. Simenti yokhakhala imadya timatuza tapamwamba, ndipo fumbi likasakanikirana ndi thukuta mpira umaterera. Masewero a FIBA ndi zigawo zinayi za mphindi 10, ndiye mapasi oterereka amachuluka m'chigawo chomaliza, manja atanyowa. Kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono mukatha kusewera kumathandiza pa fumbi, koma timatuza tikatha sitibwereranso. N'chifukwa chake timu ya osewera 12 tikuilangiza kukhala ndi mipira isanu ndi umodzi, awiri awiri mpira wawo, ndi ina iwiri yosungira masewero enieni. Iwiriyo isatuluke m'bokosi kwa nthawi yoyamba tsiku la mpikisano. Mpira watsopano umakhala woterera, choncho useweredwe kangapo pamalo osalala kuti khungu lifewe. Yophunzirira ija ilembedwe manambala ndi kumasinthanitsidwa kuti ithere limodzi.

Mipira yambiri imafera pa mpope, osati pabwalo. Singano ikalowa youma kapena mopendekera imang'amba valavu, kapena kuikankhira m'kati, ndipo kuyambira pamenepo mpweya umatuluka pang'onopang'ono usiku uliwonse. Nyowetsani singano ndi dontho la glycerine kapena madzi a sopo, ilowe mowongoka, ndipo popani modekha. Mlingo wa mpweya umalembedwa pafupi ndi valavu, kawirikawiri pakati pa 7 ndi 9 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya). Ngati palibe geji yoyezera mpweya, kwezani mpira mamita 1.8 n'kuusiya ugwe wokha pamalo olimba. Ukhale wobwerera mita imodzi ndi pang'ono. Wopitirira apo ndi wothina kwambiri, umadumpha pa ringi n'kutuluka ndipo umapweteka zala. Wopereŵera umachedwa kubwerera m'dzanja pounjanjitsa, mpaka wosewera amayamba kuŵerama ndi kuyang'ana pansi. Yesani mpweya pabwalo pomwepo masewero asanayambe, chifukwa mpira wopopedwa masana kukutentha umapezeka wofewa m'mamawa kukuzizira.

Zina ndi khalidwe chabe. Kukhalira mpira, kuumenya ndi phazi, kapena kuusiya padzuwa kumasokoneza ulusi wa nayiloni wokulunga chubu cham'kati, ndipo mpira umatupa mbali imodzi. Wotero sukonzeka. Kumalo kumene belu limalamula chilichonse ngati ku seminale, n'kosavuta kusankha mmodzi woŵerenga mipira ndi kuitsekera m'chipinda chouma belu la mapemphero lisanalire.

Chenjerani ndi mipira yabodza yolembedwa dzina la Molten, chifukwa ndi yambiri. Musanalipire, upopeni, uponyeni m'mwamba mouzunguliza ndi kuona ngati ukugwedera. Yendetsani chala m'mizere yonse kufufuza guluu wotuluka kapena zigawo zosakumana bwino, kenaka ikani dontho la madzi a sopo pa valavu. Pakatuluka thovu, ubwezeni.

Ngati bwalo lanu ndi la phula lokumbika, lodzaza timiyala, BG3800 sungamalize sizoni uli bwino. Pamenepo phunzirirani ndi BG2000, ndipo BG3800 izituluka sabata yomaliza mpikisano usanayambe.