Kabokosi kogawira monita kaja patatha miyezi 10

Kwathu ku Chilomoni makompyuta alipo atatu, koma tebulo ndi limodzi, monita yabwino imodzi, pulinta imodzinso. Pali kompyuta yakale ya pa desiki yomwe ndimasungiramo mawerengero a kagolosale kathu, laputopu ya mayi akunyumba omwe ndi aphunzitsi, ndi ya mnyamata wathu wa ku MUBAS, yongobwera n'kupita ngati mwini wakeyo. Nditatopa ndi kukwawa pansi pa tebulo kuzula mawaya, ndinakagula ku Limbe kabokosi kotchedwa KVM switch, kothandiza makompyuta angapo kulandizana monita, kiyibodi ndi mausi, ndipo tsopano katha miyezi 10 kali pantchito.

Kanga ndi ka makomo awiri. Monita, kiyibodi ndi mausi zimalowa m'kabokosiko, ndiye kompyuta iliyonse imalandira waya wa HDMI ndi wa USB. Khomo loyamba ndi la kompyuta ya pa desiki, lachiwirilo malaputopu aja amalandizana. Mukadina batani, sikirini imada kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako kompyuta inayo yatulukira. Palibe pulogalamu yoika, ndipo sikafuna soketi yakeyake chifukwa moto kamakoka ku USB. Pa ntchito imeneyi sikanandikhumudwitsepo, ngakhale fumbi la mu Okutobala linakakuta mpaka batani kuchita kufiira.

Chomwe chimandinyansa mpaka lero ndi ichi. Monita imauza kompyuta kukula kwake kudzera mu uthenga wotchedwa EDID. Tibokosi totchipa ngati kangaka timadula uthengawo mukasinthira kwina, ndiye kompyuta yosiyidwayo imayesa kuti monita yazulidwa. Pobwerera mumapeza zomwe munatsegula zathawira pa sikirini ya laputopu, zina zafinyikira pakona. Tokwera mtengo timapitiriza kunamiza kompyutayo kuti monita ikadalipo. Pogula muzifunsa zimenezi, ine ndinangofunsa mtengo basi.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya pulinta. Kabokosika kali ndi khomo lina la USB lapadera, ndipo ndinaona ngati nzeru kuilumikiza pomwepo. Zinayenda bwino mpaka sabata ya mayeso otsekera teremu. Usiku wina mayi anatumiza masamba 40 a mafunso n'kupita kukaona ndiwo pamoto. Ine ndinangoti ndisuzumire ngongole ya munthu wina m'kompyuta yanga, diniii. Pulinta inatulutsa tsamba lolembedwa theka n'kukhala chete. “Bambo ake, mwakhudzanso chiyani?” Ndinalibe poyambira. Chilichonse cholumikizidwa pa kabokosiko chimatsatira batani, choncho ndinali nditailanda pulintayo ili pakati pa ntchito. Tinayambiranso, ndipo mapepala owonongekawo anathera kukulungira mandasi.

Kenaka pulintayo ndinaibwezera pa kompyuta ya pa desiki n'kuigawa kudzera mu Windows. Zimatheka, koma kompyutayo iyenera kukhala yoyaka nthawi zonse wina akafuna kupulinta, ndipo mayunitsi a magetsi sagulidwa ndi masamba a mtengo. Anatipulumutsa ndi mnyamata uja. Anatembenuza pulintayo n'kundionetsa khomo la Ethernet lomwe ndakhala ndikuliyang'ana zaka zonsezi osalilabadira. Waya umodzi wopita ku rauta, kachipangizo kogawa netiweki m'nyumba, basi, aliyense akupulinta ngakhale ali kuchipinda. Panatsala kavuto kamodzi: magetsi akathima n'kuyakanso, rauta inkaipatsa pulintayo nambala ya IP ina (adiresi yake pa netiweki), makompyuta n'kumaisowa. Tinailembetsa mu rautamo kuti nambala yake isamasinthe, ndipo chichitireni zimenezo sinasowenso.

Poti tatchula za kuthima kwa magetsi, pulinta ya laser ngati yathuyi musailumikize ku UPS yaing'ono, batire ija yosunga moto magetsi akathima. Potenthetsa kachipangizo komatira inki yaufa papepala imakoka moto wambiri nthawi imodzi. Ndinayesa kamodzi, UPS inalira ngati mwanapiye n'kuzimitsa zonse. Panopa pa UPS pali kompyuta, monita ndi rauta zokha.

Ndikanati ndigulenso, ndikanatenga ka makomo anayi kodziwa kusunga EDID, ndipo pulinta sindikanaiyandikitsako n'komwe. Tebulo lidayera, mawondo anga adapuma, ndalama ya monita yachiwiri idapita ku fizi. Chokhacho n'chakuti mpando ukadali umodzi. Loweruka lapitali kunja kuli chiperoni, mnyamata anali ndi asayimenti yofunika sikirini yaikulu, mayi akudikira kulowetsa malikisi, ine ndili ndi mawerengero otsekera mwezi. “Adadi, mphindi 20 zokha,” anatero. Ndinatenga kope ndi bolopeni, n'kukawerengera pa mkeka pafupi ndi mbaula.