Makina otchetchera kapinga a batire: ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5 nditawagwiritsa ntchito zaka ziwiri

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo bwalo langa ndi laling'ono, silikwana kotala ya ekala ukachotsa pamene pakhala nyumba. Makina amene ndikunena ndi okankha, a mpeni wa mainchesi 21, batire lake lolembedwa 40V ndi 6Ah, ndipo ali ndi chogwirira chimene ukachifinya amayenda okha. Ndinawagula mu Epulo 2024. Kunena zoona, sindinachoke pakhomo ndi maganizo ogula a batire.

Akale aja, a petulo, ndinawagula kwa munthu wina amene ankasamuka. Anandigwirira ntchito bwino zaka zingapo, koma chisanu cha chaka chimenecho chitatha anakaniratu kulira. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuchita kuwawa, injini n'kumangotsokomola kamodzi basi, zii. Mlandu unali wanga. Ndinasiya petulo m'thanki nyengo yonse yozizira, pamene petulo wambiri wa kuno amamusakaniza ndi ethanol, magawo 10 pa 100 alionse. Akakhalitsa amakoka chinyezi n'kusiya utomoni umene umatseka timabowo ta m'kabureta. Wokonza atanditchulira mtengo wake, komanso kuti ndidikire masabata atatu poti aliyense amabweretsa makina ake mwezi womwewo, ndinaona kuti bola kugula ena. Kuno kapinga sadikira. Ukamulekerera, a mzinda amakulembera kalata, ndipo ukapitiriza kugona amabwera kudzatchetcha okha n'kukutumizira bilu.

Alamu anga a ku Indianapolis anandiuza kuti, “Alamu, musavutike n'kusankha, ingogulani Honda ya petulo, mudzasiyira ana.” Ndinalowa m'sitolo ndi mawu amenewo m'mutu. Zimene ndinapeza n'zina. Mzere wonse wa kutsogolo unali wa makina a batire, obiriwira, achikasu, ofiira, kampani iliyonse ndi mtundu wake. A petulo analipo ndithu, koma ochepa, atawakankhira kumapeto kwa shelefu. Honda ija panalibe. Mnyamata wogulitsa anandiuza kuti otsala anatha ndipo sakubweranso. Sananame: kampaniyo inasiya kupanga makina otchetchera a petulo ku fakitale yake ya ku Swepsonville, North Carolina, mu Sepitembala 2023.

Kusintha kumeneku kuli ndi kumene kunachokera. Mu Okutobala 2021 bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, anasainira lamulo lotchedwa AB 1346, loti tiinjini tating'ono tatsopano ta zipangizo za pabwalo tisamatulutse utsi, kuyambira ndi topangidwa mu 2024. Bungwe loona za mpweya kumeneko, CARB, linawerengera kuti makina otchetchera a anthu a ganyu akalira ola limodzi amatulutsa utsi woipitsa mpweya wofanana ndi galimoto yatsopano yoyenda makilomita pafupifupi 480, mtunda wochoka ku Los Angeles kukafika ku Las Vegas. Indiana ilibe lamulo lotero, petulo ukhoza kutchetchera mmene ungafunire. Koma California ndi msika waukulu, ndipo opanga zinthu amatsata kumene kuli ogula ambiri. Home Depot nayo inalengeza mu 2023 kuti ikufuna kuti pofika kumapeto kwa 2028, zoposa 85 pa 100 za makina okankha ndi zipangizo za m'manja za pabwalo zimene imagulitsa ku America ndi Canada zikhale za batire. Ndiye ukaona shelefu yasintha, usaganize kuti ndi sitolo ya kwanu yokha.

Tsiku loyamba ndinaseka ndekha. Kulowetsa batire, kudina batani, kukoka chogwirira, mpeni wayamba kuzungulira. Palibe chingwe, palibe fungo la petulo m'manja, palibe zoyeza oyilo. Phokoso lake lili ngati la fani yaikulu. Ine ndimagwira ntchito usiku, ndimafika pakhomo cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndipo kale ndinkachita manyazi kuliza injini nthawi imeneyo anthu ali m'tulo. Pano ndimatchetcha ndisanagone. Mayi a kunyumba akaitana ali pakhonde kuti tiyi wapsa, ndimawamva ngakhale makina akulira. Ndikamaliza ndimapinda chogwirira n'kuwaimika chilili kukhoma la galaja, zimene sungachite ndi a petulo wamba chifukwa oyilo amalowa kosayenera.

Koma tiyeni tikambe za batire, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Pabokosi analemba nthawi imene makinawa amagwira ntchito batire likadzadza, koma nthawi imeneyo ndi ya kapinga wouma, wamfupi, pabwalo lathyathyathya. Mu Julaye ndi Ogasiti, dzuwa likamaomba kapinga n'kumakula pang'onopang'ono, ndimamaliza bwalo lonse kutsogolo ndi kuseri, magetsi awiri mwa anayi a pabatire akadali oyaka. Mu Meyi ndi nkhani ina. Mvula ya kuno mwezi umenewo imakulitsa kapinga ngati wathiridwa feteleza wa chimanga. Sabata ina ndinadumphitsa chifukwa cha maovataimu, ndipo nditalowa m'bwalo Loweruka m'mawa, mame ali mbuu, ndinamva makina akusintha kaliridwe. Akakumana ndi kapinga wothithikana amawonjezera okha liwiro la mpeni, ndipo pamenepo ndi pamene batire limatha ngati madzi a m'chidebe chobooka. Ndinatsala ndi kamzere kamodzi kuseri, kotalika ngati mphasa zitatu, makina n'kuzima. Nditaika batire pa tchaja, iyo inangophethira nyali yofiira, kukana kutchaja mpaka lizizire. Ndinadikira kupitirira ola, bwalo lili ngati mutu wa mwana amene wometa wamuthawa magetsi atazima.

Mdala wina woyandikana nane, amene wakhala m'dera lino zaka zambiri, anasuzumira pampanda n'kundiuza kuti vuto si makina ayi, ndikudula kwambiri nthawi imodzi. Lamulo la kapinga n'lakuti usachotse kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake. Anandilangizanso kuti ndikweze mawilo, ndidikire mame aume, ndipo kapinga akakula kwambiri ndizimangirira thumba kapena kumutulutsira kumbali m'malo momusiya kuti azigayika pansi pa makina. Ndinatsatira, ndipo zinathandiza. China chimene ndinazindikira ndekha n'chakuti mpeni wobuntha umadya batire. Ndimaunola kawiri pachaka, ndipo ndisanaugwire ndimayamba ndachotsa batire. Koyenda okha kuja ndimakugwiritsa ntchito pokwera kamtunda ka kutsogolo basi, kwinako ndimakankha, poti makinawa ndi opepuka. Munthu amene anakula akutchetcha bwalo la sukulu ndi chikwakwa sangadandaule ndi kukankha.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha batire lachiwiri. Nditatopa ndi zodikira ndinapita kukaligula, ndipo mtengo wake unali pafupifupi theka la ndalama zimene ndinalipira makina onse pamodzi ndi batire loyamba ndi tchaja. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti chimene ukugula kwenikweni ndi batire, makinawo ndi ongoperekeza. Ndipo batire la kampani ina silikwana pa makina a kampani ina, ngakhale onse alembedwe 40V. Ukasankha mtundu umodzi walowa m'banja, chodulira m'mphepete ndi chouluzira masamba uzigula komweko. Onaninso chitsimikizo choti zikawonongeka adzakukonzerani kapena kukusinthirani: pa anga cha makina n'cha zaka 5 koma cha batire zaka 3, ndipo opangawo akudziwa chimene chimayamba kufa. Nambala ya 40V nayo ndi ya batire likangochoka pa tchaja. Pogwira ntchito limakhala pa 36V. Ukachulukitsa 36 ndi 6 ya 6Ah ija umapeza 216Wh, kuchuluka kwa mphamvu imene batire limasunga, ndipo imeneyo ndiyo nambala yoyerekezera makina awiri m'sitolo, osati ma V akuluakulu a pabokosi. Ubwino wake, kulidzadza kumadya pafupifupi kotala ya yuniti imodzi ya magetsi, ndalama yosaoneka n'komwe pabilu. Petulo, oyilo, pulagi ndi fyuluta ndinaziiwala.

Chisanu cha kuno n'choopsa, chipale chofewa chochokera ku nyanja ya Michigan chimatikwirira miyezi ingapo. Mabatire a lithium safuna kutchajidwa pamalo ozizira mpaka madzi kuundana, choncho ndikatchetcha komaliza kumapeto kwa Okutobala ndimawalowetsa m'nyumba, osadzadza komanso osatheratu, n'kuwaika pashelefu kutali ndi chotenthetsera. Chaka chachiwirichi loyamba lija layamba kutha msanga pang'ono kuyerekeza ndi latsopano, koma likugwirabe. Likadzafa silotaya m'bini, limatha kuyaka m'galimoto ya zinyalala. Pali malo olandira mabatire akutha.

Alamu anga aja sindinawakope, ndipo sindinayese n'komwe. Bwalo lawo ndi lopitirira theka la ekala, lotsetsereka, ndipo mwana wawo amatchetchera anthu ena atatu m'dera lawo kuti apeze ya m'thumba. Kwa iwo petulo akadali ndi nzeru: thanki ikatha uthira wina n'kupitiriza. Amene muli ngati iwo musachite mantha ndi shelefu, makina a petulo a makampani ngati Toro akugulitsidwabe kuno, makamaka m'masitolo ang'onoang'ono amene amagulitsa ndi kukonza komwe. Kungoti musanagule funsani ngati zipangizo zake zikupezeka. Koma ngati bwalo lanu lili ngati langa ndipo mumatha kutchetcha sabata iliyonse, a batire akukwanirani.

Achimwene anga a ku Area 25 ku Lilongwe ataona vidiyo pa WhatsApp anati ndidzawatengere ena ndikamabwera. Ndinawauza kuti, “Achimwene, zimenezo n'zovuta.” Tchaja ya kuno ndi ya magetsi a 120V pamene kwathu ndi 230V, ndiye pafunika thiransifoma. Batire lopitirira 160Wh salola kukwera nalo ndege ya anthu, kaya m'chikwama cha m'manja kaya chachikulu, ndipo langali ndi 216. Likadzafa kumeneko, lina mukalipeza kuti? Anangoti basi, chikwakwa chawo chidakali chakuthwa.

Akale a petulo aja ndinawaika m'mphepete mwa msewu ndi kapepala kolemba kuti aulere. Sipanathe ola, bambo wina wa pikapu anaima n'kuwanyamula. Patatha masabata awiri ndinawaona akulira bwinobwino pabwalo la tchalitchi china kumsewu wathu, ndinawazindikira ndi tepi yabuluu imene ndinamanga pachogwirira.